Ndevu za a Thawale ndi Zitini Ziwiri za Lufeyo

Magetsi athimanso, ndiye khala pampando pomwepo Fanuwelo, usagwedezeke. Ukatuluka ndi mutu wometedwa mbali imodziwo, ana akuperekeza ndi nyimbo mpaka kwanu. Inunso a pabenchi musathawe, magetsiwa abwera. Ndakhala ndikukumvani mukukangana za pawailesizi, zoti kampani ina yagwa ndipo aphungu akufunsana ngati angaidzutse ndi ndalama za misonkho. Wina akuti phungu azingonena zimene anthu ake amutuma, wina akuti ayi, tinamusankha kuti aziganiza. Chondidabwitsa n'chakuti nonse mukuponyerana mwambi wa ndevu uja, koma palibe akudziwa kumene unachokera. Ine ndevu ndiye ntchito yanga. Tcherani khutu, chiyambi cha mwambi umenewu chili motere.

Kumapiri uko kunali msika wotchedwa Tsukambale. Dera lonselo linali la matimati. Munthu ankabadwira m'matimati, kukwatira ndi ndalama za matimati, ngakhale pamaliro ndiwo zake zinali zofiira psuu. Koma msewu wopita kutauni unali woipa, wa miyala ndi maenje, moti galimoto zinkangoumvera mbiri. Yolimba mtima inali lole imodzi yokha, ya a Thawale.

Ukuti chiyani Gelesomu? Mwambiwu ndi wakale kuposa lole? Iwe unalipo? Khala chete, nkhaniyi anandiuza ndi malume anga, ndipo iwo anaona ndi maso.

A Thawale ankainyadira lole yawo, koma kunena zoona ankanyadira kwambiri ndevu zawo. Zinali ndevu zofika pachifuwa, zakuda bii, ndipo m'mawa uliwonse ankazidzoza mafuta a nsatsi mpaka zinkanyezimira. Pakati pa ndevuzo pankatulukira kaliwo amene sankazima. Mtengo wonyamulira dengu ankaukweza mmene afunira, ndipo ukadandaula ankangotulutsa utsi n'kunena kuti, "Senza wekha, tauni ili pomwepa." Anthu ankawatukwanira mumtima, koma lole ikalira aliyense ankathamanga ndi dengu lake.

Msikawo unali ndi dongosolo lake. Mzere uliwonse unkasankha nthumwi yokakhala m'komiti: a nsomba, a nyama, a kaunjika, a nkhuni, ndiponso a matimati amene anali ochuluka kuposa onse. Komitiyo ndi imene inkasunga thumba la pangozi, momwe aliyense ankaponyamo kangachepe tsiku la msika, kuti denga la shedi likasasuka kapena mjigo ukafa pasakhale kupemphetsa.

Nthumwi ya a matimati poyamba anali Bisiyasi, munthu wodzimva. Iye ankati, "Munandisankha chifukwa mutu wanga ndi waukulu, ndiye musamandisokosere." Tsiku lina anavomereza kuti thumba lija ligulire a komiti majekete ofanana, ati alendo azidziwa kuti akuluakulu ndi ati. Tsiku limene anavala yakeyo, amayi a matimati anamugenda ndi matimati owola n'kumuvula udindo. Jekete yake inafika kunyumba ikudontha, ndipo ntchentche zinamuperekeza mpaka pakhomo.

Apa m'pamene anatulukira Lufeyo Chimtengo, mlimi wofatsa, wosadziwa kukana munthu. Anavundikira dengu, n'kukwerapo, n'kuyamba kulankhula.

"Amayi ndi abambo, ine ndilibe mutu. Ndili ndi makutu awiri omvera zanu ndi pakamwa pokanenera zanuzo. Ngakhale kuyetsemula m'komiti, ndiziyamba ndakufunsani."

Nthungululu zinamveka mpaka kumzere wa nsomba. Lufeyo ataona kuti zakoma, anawonjezera mchere.

"Kuyambira lero sindimetanso ndevu. Tsiku limene ndidzachite kanthu osakufunsani, mudzandimete pamsika pano, ndi mpeni wobuntha, popanda sopo!"

Anamusankha osatsala ndi mmodzi yemwe. Mawa lake anapeza zitini ziwiri za mkaka n'kuzimangirira m'chiuno ndi luzi. Wovomera nkhani ankaponya nyemba m'chitini cha kumanja, wokana ankaponya njere ya chimanga m'chitini cha kumanzere. Poyamba anthu anasangalala, chifukwa chibadwire anali asanafunsidwepo kanthu ndi munthu waudindo. Lufeyo ankafunsa zonse: wosesa aziyambira kumtunda kapena kumunsi, galu wa pamsika athamangitsidwe kapena ayi. Anthu ankamudziwira patali ndi kulira kwa zitini, ndipo ndevu zake zinkakula bwinobwino, popanda wozikhudza.

Tsono chaka china, matimati atangoyamba kufiira m'madimba, lole ya a Thawale inatsokomola pachitunda n'kungoti zii. Makaniko atatsegula anapeza injini itauma gwa, yopanda ngakhale dontho la oyilo. Anthu anati mafuta onse anathera kundevu. Zoona zake n'zakuti ndalama za oyilo zinapita ku ukwati, pakuti a Thawale anali atangotenga mkazi wachiwiri.

Anabwera kukomiti chipewa chili m'manja, chinthu chimene munthu anali asanachionepo.

"Abale anga, ndithandizeni ndi thumba lija ndikonzetse injini," anatero a Thawale. "Lole ikafa, tafa tonse."

Wa nsomba ndi wa nyama anavomera, poti katundu wawo ankabwera pa lole yomweyo. Wa kaunjika ndi wa nkhuni anakana, ati wodya zake alibe mlandu koma asadyenso za anzake. Wa nyama, amene analinso wapampando, anatembenukira kwa Lufeyo.

"A Chimtengo, mwatsala ndinu. Kumene mugwere ndi komwe tigwere tonse."

Lufeyo anagwira zitini zake. "Ndikafunse kaye."

Atafika kunyumba anapeza mkazi wake, Nagama, akusankha matimati pakhonde. Nkhani inali itamufika kale.

"Kodi inuyo, bambo a Esinati, mukuona bwanji?" anafunsa Nagama.

Lufeyo anayang'ana uku ndi uku ngati wina angamve, kenako anatsitsa mawu. "Ndikuona kuti lole ikapanda kudzuka msanga, matimati awolera m'madengu. Galimoto ina singabwere kuno, mvula yayandikira. Komanso ndikuona kuti a Thawale tikangowapatsa chonchi, chaka chamawa adzakwatira wachitatu."

"Nanga bwanji osakawauza anthu zimenezo?"

"Ndikawauza ndiye kuti ndayamba kukhala ndi mutu. Mwaiwala jekete ya Bisiyasi?"

"Ndiye anthuwa anasankha zitini, osati inu," anatero Nagama, n'kupitiriza ntchito yake.

M'mawa mwake Lufeyo anayenda mzere wonse akufunsa kuti, "Kodi thukuta lathu tiwapatse a Thawale, amene anadyera ndalama za oyilo ku ukwati?" Chimanga chinagwa ngati matalala. Amayi ena ankaponya ndi mkwiyo moti njere zinkadumphira panja. Lufeyo anathamanga kuti akapereke yankho, koma anapeza wapampando atapita kukagula ng'ombe.

Masana dzuwa litakula, kunafika alimi a kumadimba akutali. Iwo anadandaula kuti sanafunsidwe, ndipo Lufeyo, posafuna kukondera, anakhuthula zitini n'kuyambiranso. Pofuna kuti a kutaliwo amve msanga, anafupikitsa funso. "Kodi mukufuna lole idzuke kuti matimati apite kutauni?" Nthawi imeneyo n'kuti matimati a pamwamba pa madengu atayamba kufewa. Nyemba zinadzaza chitini mpaka kusefukira, ndipo oponyawo anali anthu omwe aja.

Lufeyo anaima pamaso pa mayi wina ali kakasi. "Mayi, m'mawa uja inu munaponya chimanga."

"M'mawa munafunsa za a Thawale," anayankha mayiyo. "Panopa mwafunsa za matimati anga."

Ine mpaka lero, anyamata inu, ndimati ndikamameta munthu n'kumadzifunsa: maganizo enieni a anthu aja anali ati? A m'mawa kapena a masana? Sanali kunama m'mawa, ndipo sanali kunama masana. A Thawale ankadana nawo zenizeni, ndipo lole ankaifuna zenizeni. Nanga zoterezi munthu angaziike m'chitini chiti?

Tsiku lotsatira Lufeyo anati afunse kachitatu kuti zidziwike. Atafika pa Mayi Nazimbiri, amene anali wamkulu pamzerepo ndiponso wosabisa mawu, iwo sanatole nyemba kapena chimanga. Anamasula mfundo ya chitenje n'kutulutsa njere imodzi ya mtedza.

"Yankho langa ndi ili," anatero.

"Mtedza ukutanthauza chiyani, mayi?"

"Ukutanthauza kuti tiwathandize, koma asatenge ulere. Mtengo wa dengu utsike. Oyilo azithira ife tikuona. Ndipo thumba likadzabwerera mwakale ndiye akaganize za akazi ena."

Amayi oyandikana nawo anayamba kung'ung'udza kuti eya, zoona zimenezo. Lufeyo anayang'ana chitini cha kumanja, anayang'ana cha kumanzere, thukuta lili kamukamu.

"Chitini cha mtedza ndilibe, mayi. Ndinalonjeza ziwiri."

"Ndiye kapezeni chachitatu."

"Kuti ndipeze chachitatu ndiyenera kufunsa kaye anthu, ndipo poti funsolo silinabwere kuchokera kukomiti..."

Mayi Nazimbiri anamuika mtedza uja m'dzanja n'kutembenuka. Lufeyo anayenda nawo mzere wonse osadziwa pouika, ndipo pofika kumapeto anapezeka kuti wautafuna. Maganizo anzeru okhawo amene anaperekedwa sabata imeneyo anathera m'mimba mwa nthumwi.

Masiku anapita akufunsabe. Tsiku lina anayala njere zake palichero kuti awerenge bwino, nkhuku ya eni ake n'kubwera kudzajompha chimanga chonse. Munthu wina akanangoti nyemba zapambana, koma Lufeyo anali wachilungamo kwambiri. Anati nkhuku si ya mzere wa matimati, choncho ilibe mawu, n'kuyambiranso. Uku m'madimba matimati sankadikira munthu.

Pomaliza wapampando anatopa. Anaitanitsa komiti m'kashedi ka udzu kuseri kwa msika, n'kunena kuti lero nkhani ithe, zivute zitani. M'mawa umenewo amayi a pamzere anali atamutuma Lufeyo kukatunga madzi owaza pa matimati kuti asafote, poti nthumwi yopanda mutu imatumika. Pamjigo panali mzere wautali, choncho anachedwa, n'kulowa pamsonkhano ndi ndowa yodzaza. Anaiika pakati pa miyendo yake n'kukhala pafupi ndi a Thawale.

A Thawale tsiku limenelo anali atadzoza ndevu kawiri kuti aoneke aulemu. Koma mtima unali m'mwamba. Wapampando atangoti, "A Chimtengo, anthu anu akuti bwanji?" iwo anakhwatcha machesi kuti ayatse kaliwo. Kamphepo kanalowa pakhomo, lawi linaphonya kaliwo n'kugwira ndevu. Mafuta a nsatsi aja sanachedwe. Phuu!

"Madzi! Lufeyo, madzi!"

Ndikuuzeni zoona, Lufeyo sanali munthu woipa mtima. Anadzuka msangamsanga, ananyamula ndowa, manja anali atabwerera kale m'mbuyo kuti akhuthule. Koma podzukapo zitini zija zinalira m'chiuno. Anauma pomwepo ngati chitsa.

"Madziwa si anga," anatero. "Ndi a mzere."

"Thira, iwe!" anakuwa a Thawale.

"Pepani a Thawale, gwirani kaye pomwepo. Ndikubwera."

Anatuluka chothamanga, ndowa ili m'manja. M'shedi muja wapampando anayamba kukupiza moto ndi chipewa, moto n'kumakondwera. Wa kaunjika anali ndi jekete paphewa, koma anati ndi yogulitsa. Wa nkhuni, podziwa khalidwe la moto, anali woyamba kufika panja.

Lufeyo anaima pakati pa mzere akupuma mwawefuwefu. "A matimati! Ndevu za a Thawale zikupsa! Ndithire madzi anuwa kapena ndisathire?"

"Waziyatsa ndani?" anafunsa bambo wina.

"Okha, ndi kaliwo wawo."

"Ndiye zipse! Anatiuza kuti tizisenza tokha, azime okha!"

"Thirani theka," anatero mayi wina, "theka mutisiyire."

Mayi Nazimbiri anadzuka atagwira m'chiuno. "Iwe Lufeyo, wapenga? Munthu akupsa! Kathire!"

"Ponyani nyemba, mayi. Za pakamwa sindiwerenga."

Anthu anaponya, ena akuseka, ena akukuwa kuti afulumire. Lufeyo anagwada n'kuwerenga mosamala, ndipo anapeza kuti nyemba zapambana. Anathamangiranso kushedi kuja. Anapeza fungo lokhalokha ngati pamene awawula mbuzi. A Thawale anali atadzipulumutsa okha poviika nkhope mumphika wa thobwa la mayi wina amene ankagulitsa pafupi. Anali atakhala pansi, thobwa likuyenderera m'khosi, pachibwano palibe kanthu.

"Anthu avomera!" analengeza Lufeyo, n'kuwakhuthulira ndowa yonse pamutu.

A Thawale anapukuta kumaso pang'onopang'ono. Sanatukwane, sanakweze mawu. Anangotola chipewa chawo n'kunena kuti, "Chabwino. Ndamva." Nkhani ya thumba sanaitchulenso.

Mawa lake anthu anaona ng'ombe zikukoka lole kulowera kutsidya kwa mtsinje, kumene kunali kamsika kena kakang'ono. A kutsidyawo anakhala pansi tsiku limodzi lokha. Nthumwi zawo zinauza anthu awo poyera kuti munthuyu ndi wosasamala, koma lole yake tikuifuna, ndiye timumange ndi mfundo. Anakonzetsa injini, mtengo wa dengu unatsika, ndipo oyilo ankathira anthu akuona. Mukumva? Mtedza womwe uja. Pasanapite nthawi lole inayamba kudutsa pa Tsukambale osaima, itadzaza ndi matimati a eni ake, a Thawale atayang'ana kutsogolo.

Apa ndiye nkhani imaleka kuseketsa pang'ono. Matimati a pa Tsukambale anapsa onse nthawi imodzi, monga amachitira. Ena anayesa kupita nawo kutauni panjinga, koma ndi msewu umene uja ankafika ndi msuzi. Mvula yoyamba itagwa, madengu anayamba kudontha, msika wonse unanunkha, ngakhale nkhumba zinafika pokana. Mayi Nazimbiri anali atawerengera matimati a chaka chimenecho kuti afolere nyumba ndi malata, atakhala zaka zambiri akusuntha mphasa usiku pothawa kudontha. Malume ankati anawaona atakhala pambali pa madengu awo akulira mosatulutsa mawu. Zimenezo zimandimvetsa chisoni mpaka lero, chifukwa iwo ndi amene ananena zanzeru.

Anthu anamuzungulira Lufeyo pakati pa msika.

"Watipha ndi iwe!" anatero bambo uja anati ndevu zipse.

"Ine? Inu simunaponye chimanga?"

"Tinaponya, inde! Koma tinali ndi mkwiyo. Iwe ndiye umakhala m'komiti, umamva zonse. Unkadziwa kuti galimoto ina sibwera?"

Lufeyo anayang'ana pansi. "Ndinkadziwa."

"Unkadziwa!" anatero Mayi Nazimbiri. "Ndiye unali ndi pakamwa potinenera kukomiti, koma unalibe pakamwa potiuza ife? Bisiyasi ankaganiza osatifunsa. Iwe umatifunsa osaganiza. Kodi pakati pa awirinu sipangapezeke munthu?"

Ena anathamangira kumzere wa nyama kukabwereka mpeni wobuntha. Koma atabwera nawo anasowa poyambira, chifukwa Lufeyo lonjezo lake sanaphwanye ngakhale kamodzi. Analonjeza kufunsa, ndipo anafunsa mpaka msika unawola. Kumumeta sakanatha. Choncho anagwirizana zoti akolope uve wonse, atenge madengu owolawo ndi udzu woyala m'katimo akazitenthe kumsewu. Lufeyo anayendetsa zitini kuti amve ngati ndi maganizo a onse. Tsiku limenelo m'chitini simunagwe chimanga ngakhale chimodzi.

Anaunjika madengu aja pambali pa msewu, pamwamba pa chitunda. Udzu unali wonyowa, moto unkangofuka. Tsono ndevu zake n'kuti zitafika pamchombo, zouma ngati udzu wa m'chilimwe, poti iye za mafuta sankazidziwa. Anagwada n'kuyamba kuuzira. Anauzira, anauziranso, ndipo moto utati uvomere unavomera ndi mtima wonse. Unayambira kunsonga n'kumakwera.

Pamalo omwewo ndi pamene lole inkaima kuti injini ipume ikamaliza chitunda, pakuti a Thawale tsopano anali munthu wosamala. Anali atangotsika ndi chigubu cha madzi oti athire mu injini, chibwano chili see ngati chipanda, pamene anaona munthu akuvina pakati pa utsi.

"A Thawale! Madzi! Ndapota nanu, madzi!"

A Thawale anayang'ana Lufeyo, anayang'ana chigubu. "Madziwa si anga," anatero modekha. "Ndi a lole, ndipo loleyi masiku ano ili ndi eni ake ambiri. Gwira kaye pomwepo."

Anatembenukira kwa anthu amene anakhala pamwamba pa madengu. "Inu a pamwamba! Ndevu za nthumwi zikupsa. Tithire kapena tisathire? Alipo ali ndi nyemba?"

"Tanyamula matimati okhaokha!" anayankha a pamwamba.

"Wamva, Lufeyo? Nyemba palibe. Tikagula kutauni, tidzakuyankha pobwerera."

"Mayo ine! A Thawale, ndinalakwa!"

A Thawale anatsegula chigubu n'kumukhuthulira madzi onse kumaso. Sanathe kupitiriza masewerawo, chifukwa ululu wa ndevu zikamapsa ankaudziwa. Lufeyo anakhala pansi m'matope akutsokomola. Atagwira kumaso anapeza mbali ya kumanja kuli ndevu, mbali ya kumanzere kuli mbee, ngati mutu wa Fanuwelo panopa.

"Mbali yapsayo ndi ya funso lija," anatero a Thawale. "Yatsalayo ndi ya chisoni changa."

Mwina mukuganiza kuti ndikuti a Thawale anayenera kungopatsidwa thumba lija. Ayi. Munthu anadziyatsa yekha, kawiri konse, poyamba injini kenako ndevu. Ine ndikanakhala Lufeyo ndikanathira madzi, moto utazima n'kuwalanda kaliwo. Koma mwina inenso ndikunena chonchi chifukwa sindinamangirirepo zitini m'chiuno, sindinaonepo amayi a matimati akundiyang'ana atanyamula owola. N'chifukwa chake aphungu anu a pawailesiwo sindifulumira kuwaseka. Ndimangofuna kudziwa ngati ali nacho chitini cha mtedza, ndiponso ngati anayamba abwera kudzakuuzani zimene akudziwa asanakufunseni zimene mukufuna.

Malume anga aja ndiwo ankameta anthu pa Tsukambale, pansi pa mtengo, ndi lumo ndi kagalasi kosweka. Tsiku la msika lotsatira Lufeyo anabwera ndi nkhope yake ya mbali imodzi, Nagama ali pambuyo. Pabenchi anapeza a Thawale akudikira kuti awasalazire tiziputu timene tinayamba kumera mosalongosoka. Awiriwo anapatsana moni wa anthu amene adwalapo matenda amodzi, n'kukhala moyandikana. Anthu a pamsika anasiya malonda n'kubwera kudzaonerera.

Malume anamukhazika Lufeyo pampando, namuyang'ana mbali iyi ndi mbali inayo. "A Chimtengo, nanga pamenepa titani? Ndimete zonse, kapena mbali yatsalayi tiisiye idikire inzake?"

Dzanja la Lufeyo linapita lokha m'chiuno. Zitini zinalira. Mayi Nazimbiri anali atatsegula kale pakamwa. Lufeyo anakhala kanthawi atagwira luzi lija, kenako analimasula n'kupereka zitini kwa mkazi wake.

"Metani zonse," anatero. "Ndaganiza ndekha."

Nagama anaimba nthungululu, n'kunena kuti zitinizo akasungiramo mchere. A Thawale anaseka mpaka kugwira pachibwano pamene panali pakadali zilonda. Malume ananola lumo pachikopa, napaka sopo pa theka la ndevu lija. Anayang'ana zibwano ziwirizo, chimodzi chowauka chonse, china chowauka mbali, kenako anatembenukira kwa anthu aja n'kunena mawu amene inu mukuponyerana lerowa:

"Mwaonatu, abale. Mnzako akapsa ndevu m'zimire, mawa adzazima zako."